Beaker yazizira koma zachitika zokha, thermodynamics ikuti bwanji pamenepa?

Uthenga womwe ndikuyankha lero ndi uwu, ndaudula pang'ono poti unali wautali:

"Aphunzitsi, ine ndine mtsikana, ndili chaka choyamba ku yunivesite ndipo ndikupanga kemisitiri. Chiyambireni mutu wa thermodynamics mutu wanga ine sukugwira. Mawu ake ndi ambirimbiri, system, enthalpy, entropy, Gibbs, state function, onse akungofanana. Pa mayeso apitawa ndinalakwa pafupifupi ma sign onse, pofunika minus ine plus. Chomwe chandibalalitsa kwambiri ndi cha mu labu. Tinasungunula ammonium nitrate m'madzi, beaker inazizira mpaka kuchita mame kunja kwake, ine ndinalemba kuti yatulutsa kutentha n'chifukwa chake yazizira, anandithetha. Akuti yameza kutentha. Nanga ngati imameza kutentha, zachitika zokha bwanji ife osatenthetsa? Kodi ndine mbuli kapena mutuwu ndi wovuta kwa aliyense? Ndithandizeni ndisanaisiye kosiyi."

Achemwali, kosi musasiye, ndipo mawu oti mbuliwo afafanizeni. Funso mwafunsali, loti chinthu chomeza kutentha chingachitike bwanji chokha, linawazunguza mitu akatswiri enieni a m'zaka za m'ma 1800. Julius Thomsen wa ku Denmark ndi Marcellin Berthelot wa ku France ankakhulupirira kuti riyakishoni imayenda yokha chifukwa choti ikutulutsa kutentha basi, ndipo anaphonya, beaker yanu ija ndi mboni. Ndiye ngati mwapunthwa pa mwala womwe anapunthwapo madoda amenewo, manyazi achani. Zaka zonse zomwe ndaphunzitsa mutuwu ndaona kuti masamu si amene amagwetsa anthu, masamu ake ndi kuphatikiza, kuchotsera ndi kuchulukitsa basi. Chimagwetsa anthu n'choti amayamba kuloweza mawu asanadziwe kuti iwowo aima mbali iti.

Ndikati kuima mbali iti ndikutanthauza izi. Musanalembe nambala iliyonse, tengani pensulo mujambule mzere kuzungulira chinthu chomwe mukuchifufuza. Zomwe zili mkati mwa mzerewo ndiye system, zonse zotsala kunja ndiye surroundings. Pa ntchito yanu ija system ndi ammonium nitrate yemwe akusungunukayo. Galasi la beaker, thermometer, mpweya wa mu labu, dzanja lanu lomwe linagwira beaker, zonsezo zili kunja kwa mzere, ndipo powerengera ngakhale madziwo timawaika kunja komweko poti ndi momwe kutentha kukutapidwa. Tsono dzifunseni, dzanja likamva kuzizira ndiye kuti chachitika n'chiyani? Lalandidwa kutentha. Walanda ndani? System. Inu munalemba zomwe dzanja linamva, pomwe funso linkafuna zomwe system yachita, kulakwa kwanu konse kunali pomwepa. System ikameza kutentha timati endothermic, ndipo kunja kumazizira. Ikalavula kutentha timati exothermic, kunja kumatentha, ngati kandulo ikamayaka.

Ma sign anu aja nawo mankhwala ake ndi omwewa. Buku lonse la thermodynamics limalembedwa ndi munthu yemwe wakhala mkati mwa system n'kumayang'ana pakhomo. Cholowa amalemba plus, chotuluka amalemba minus. Osaloweza kuti exothermic ndi minus ngati nyimbo ayi, ingokhalani mkatimo muone kuti kutentha kukulowa kapena kukutuluka.

Za mitundu ya system sindichedwapo. Beaker yosavundikira ndi open system, zinthu zimatha kulowa n'kutuluka, mphamvu nazonso. Botolo lotseka bwino ndi closed system, zinthu sizituluka koma kutentha kumadutsa pa galasi. Isolated system ndi yoti palibe chodutsa chilichonse, ndipo yeniyeni kulibe, fulasiki ya madzi otentha imangoyesera, mukaisiya masiku awiri madzi aja mukawapeza atazizira.

Pomwe ndikufuna tikhalitsepo ndi pa mawu oti kutentha, chifukwa pakamwa pathu mawu amodziwa amanyamula zinthu ziwiri zosiyana, heat ndi temperature. Pano ndikati tempirecha ndikunena chomwe thermometer imawerenga, chomwe chimatiuza kuti timamolekyu tikunjenjemera kapena kuthamanga mwamphamvu bwanji. Ndikati kutentha ndikunena mphamvu yomwe ili pa ulendo, kuchoka pa chinthu cha tempirecha yokwera kupita pa cha tempirecha yotsika. Ganizirani mbaliwali zomwe zimathetheka munthu akamadula chitsulo ndi galayinda. Kambaliwali kamodzi ndi kachitsulo kofiira kuti psuu, tempirecha yake ili kumwamba kwenikweni, koma kakagwera pa mkono kamangolasa pang'ono n'kuzima, poti n'kakang'onong'ono, mphamvu yoti kapereke ndi yochepa. Chidebe cha madzi a 70 °C chili pansi kwambiri pa thermometer poyerekeza ndi kambaliwali kaja, koma chikakukhuthukirani khungu limasupuka. Ndipo chinanso, chinthu sichisunga kutentha mkati mwake, chimasunga mphamvu, ija timaitcha internal energy n'kuilemba U. Zili ngati mvula ndi thanki. Mvula ndi mvula pomwe ikugwa, ikalowa mu thanki ndi madzi basi, simungaloze kuti awa anabwera ndi mvula, awa anabwera ndi paipi. Kutentha, komwe timalemba q, ndi ntchito, yomwe timalemba w, ndi njira ziwiri zomwe mphamvu imalowera kapena kutulukira, zikangofika mkati zonse ndi U.

Tiyeni tiiwerengere beaker yanu ija kuti muone kuti si zamatsenga. Kuti galamu imodzi ya madzi ikwere ndi digiri imodzi pamafunika 4.18 J (J ndi joule, muyezo wa mphamvu, ndipo 1,000 J ndi 1 kJ), ndiye fomula yake ndi q = m × c × ΔT, m kukhala kulemera kwa madziwo, c ndi 4.18 ija, ΔT ndi kusintha kwa tempirecha. Mole imodzi (muyezo wa mu kemisitiri wowerengera kuchuluka kwa timamolekyu) ya ammonium nitrate imalemera magalamu 80, ndipo posungunuka imameza pafupifupi 25.7 kJ. Tinene kuti munathira magalamu 8 m'madzi okwana magalamu 100. Imeneyo ndi 0.1 mole, imeza 2,570 J. Gawani 2,570 ndi 418 (ndiye 100 kuchulukitsa ndi 4.18), mupeza kuti madzi atsika ndi madigiri 6 kapena kuposera pang'ono. Mukathira wambiri amatsika kwambiri mpaka chinyezi cha mu mpweya kuyamba kuchita mame pa galasi, zomwe munaona zija. Timapaketi tozizira tomwe amaika pa bondo la wosewera mpira akavulala, tina mwa ito timagwira ntchito mwa njira yomweyi, ukakafinya kathumba ka madzi kamaphulika mkati n'kusakanikirana ndi mankhwalawo.

Lamulo loyamba la thermodynamics likuti mphamvu siilengedwa ndipo siiwonongeka, imangosamuka kapena kusintha maonekedwe. Polemba ndi ΔU = q + w. Kakatatu kaja Δ kamangotanthauza za kumapeto kuchotsapo za poyamba. James Joule wa ku England, m'zaka za m'ma 1840, anaika zopalasira m'chitini cha madzi, n'kumazizunguza ndi zinthu zolemera zomangirira ku chingwe, ndipo madzi aja tempirecha inakwera popanda moto uliwonse. Apo m'pomwe zinaonekera poyera kuti ntchito ndi kutentha ndi ndalama ya mtundu umodzi, n'chifukwa chake zonse timaziyeza mu ma joule. Mukapopa tayala la njinga mofulumira n'kugwira kumunsi kwa pampu mumamva kufunda, mwagwira ntchito pa mpweya, U yake yakwera. Koma apa chenjerani, mwina ena mwa ma sign anu anafera pamenepa. Mabuku a kemisitiri ambiri amalemba q + w, w kukhala ntchito yogwiridwa pa system. Mabuku ambiri a uinjiniya ndi ena a fizikisi amalemba q − w, w kukhala ntchito yomwe system yagwira kunja. Onse akunena zoona, koma mukamawerenga notsi za m'kalasi uku mukuonera mavidiyo a pa YouTube a munthu wa buku lina, mudzasakaniza osadziwa. Funsani kuti kalasi yanu ikutsata iti, mukakamire yomweyo.

State function ndi dzina loopsa la chinthu chophweka. Ndi chilichonse chomwe chimangodalira mmene system ilili panopa, osati njira yomwe yadzera kuti ifike pamenepo. Tengani mabatire awiri ofanana odzaza bwino. Limodzi muyendetsere kamota mpaka lithe, linalo lithe mwa kungotenthetsa kawaya. Loyamba lapereka mphamvu yake yambiri ngati ntchito, lachiwiri lapereka yonse ngati kutentha, ndiye q ndi w zasiyana kutalitali, koma mabatire onse ayambira pamodzi n'kuthera pamodzi, ΔU ndi imodzimodzi. Choncho U ndi state function, chimodzimodzi tempirecha, presha, volume, enthalpy, entropy ndi Gibbs. Koma q ndi w ayi. N'chifukwa chake simudzaona mphunzitsi wosamala akulemba Δq.

Nanga enthalpy yabwera kudzatani pomwe U ilipo kale? Yabwera chifukwa ntchito zambiri za kemisitiri timachitira m'ziwiya zosatseka, pansi pa presha ya mpweya wotizungulira yomwe siisintha. Ponyani zinc mu asidi, muona thovu la hydrogen likutuluka. Gasi ameneyo kuti apeze malo akuyenera kukankha mpweya womwe unalipo, ndipo kukankhako ndi ntchito. Mole imodzi ya gasi pa 25 °C imatenga malita pafupifupi 25, ntchito yokankhayo ndi pafupifupi 2.5 kJ. Ndiye m'malo moti tizivutika kuwerengera kantchito kameneka nthawi ndi nthawi, anapanga enthalpy, H = U + PV, P kukhala presha, V kukhala volume, ndipo ubwino wake ndi woti presha ikakhala yosasintha, ΔH imangofanana ndi kutentha komwe kwalowa kapena kutuluka. Basi, enthalpy ndi imeneyo. Mukayeza m'chitsulo chotsekeratu chija amati bomb calorimeter, momwe volume siingasinthe, chomwe mwapeza ndi ΔU. Mukayeza mu kapu yosatseka, mwapeza ΔH. Pakakhala palibe gasi wopangidwa kapena wotha, ziwirizi zimangotsala pang'ono kufanana.

Poti H ndi state function, pali mwayi wina waukulu womwe Germain Hess anaupeza mu 1840 ku St Petersburg: kaya riyakishoni ichitike kamodzi n'kamodzi kaya idutse m'masitepe, ΔH yonse ndi yomweyo. Mwachitsanzo n'kovuta kuwotcha carbon kuti apereke carbon monoxide yekhayekha, nthawi zonse wina amapitirira kukhala carbon dioxide. Koma tikudziwa kuti carbon kupsa mpaka CO2 ndi −393.5 kJ pa mole, ndipo CO kupsa kukhala CO2 ndi −283.0 kJ. Chotsalacho, −110.5 kJ, ndiye cha sitepe yomwe sitingathe kuiyeza mwachindunji ija. Matebulo a kumapeto kwa buku lanu a enthalpy of formation, ija ΔH yopangira chinthu kuchokera ku ma element ake, anamangidwa pa nzeru yomweyi. Ma element ali mu mkhalidwe wawo wa masiku onse anawapatsa ziro, osati chifukwa alibe mphamvu, koma anthu anangogwirizana kuti tiziyambira kuwerenga pamenepo. Kabwalo kakang'ono kaja ° komwe mumakaona pa ΔH° kakutanthauza presha ya 1 bar, pafupifupi ya mpweya wamba, ndipo matebulo ambiri amakhala a 298 K (K ndi kelvin), yomwe ndi 25 °C. Yesani kuyaka kwa methane, komwe mole imodzi imapereka mole imodzi ya CO2 ndi ma mole awiri a madzi: CO2 ndi −393.5, madzi ndi −285.8 kuchulukitsa kawiri, muchotsepo methane yemwe ndi pafupifupi −74.8, mupeza −890 kJ pa mole. Koma yang'anitsitsani tizilembo ta m'mbali tija tosonyeza ngati chinthu ndi cholimba, chamadzi kapena gasi. Madziwo akatuluka ngati nthunzi yankho limakhala pafupifupi −802, chifukwa mole iliyonse ya madzi imadya 44 kJ kuti isanduke nthunzi pa 25 °C. Ophunzira ambiri amataya mamalikisi pa kanthu kameneka.

Pali bodza lina lomwe limayenda kwambiri, loti ma bond, zomangira maatomu pamodzi, akaduka amatulutsa mphamvu. Ayi ndithu. Kudula bond kumadya mphamvu nthawi zonse, kulekanitsa maatomu awiri a H2 kumafuna 436 kJ pa mole. Mphamvu imatuluka ma bond atsopano akamamangika. Riyakishoni imakhala exothermic ngati zomangidwazo zabweza zambiri kuposa zomwe zinadyedwa podula.

Tsopano tafika pa funso lanu lenileni. Lamulo loyamba limangowerengera kuti mphamvu yapita kuti, silinena kuti zinthu zilowera mbali iti. Kapu ya madzi otentha kuzizira pa tebulo, ndi kapu ya madzi ozizira kudzitenthetsa yokha potapa kutentha mu mpweya, zonse ziwiri lamulo loyamba silikana, koma yachiwiriyo simunaionepo ndipo simudzaiona. Chomwe chimasankha mbali ndi entropy, S, dzina lomwe Rudolf Clausius anapereka mu 1865. Mabuku ambiri amangoti entropy ndi chisokonezo, ine mawu amenewo sindiwakonda kwenikweni chifukwa ophunzira amayamba kuganiza za chipinda chosasesa. Ndimakonda kunena kuti entropy ikuyeza kuchuluka kwa njira zomwe timamolekyu ndi mphamvu zawo zingamwazikire popanda chinthucho kuoneka chosintha kunja. Mu crystal, kamwala kouma ka ammonium nitrate, ma ion ali pa mzere thithithi, aliyense pamalo pake, amangonjenjemera pomwepo. Akalowa m'madzi amangoti balala, aliyense akhoza kukhala paliponse mu beaker monse. Njira zokhalira omwazika ndi zochuluka mosayerekezeka kuposa njira zokhalira pa mzere, ndiye zinthu zikamagundanagundana mwachisawawa zimathera komwe kuli njira zambiri. Palibe chikuwakoka, ndi nkhani ya mwayi chabe, koma timamolekyu tikachuluka chonchi mwayiwo umasanduka lamulo. Ludwig Boltzmann ndi amene analumikiza entropy ndi kuwerenga njira kumeneku, fomula yake S = k log W, W kukhala kuchuluka kwa njirazo, inalembedwa pa manda ake ku Vienna. Manambala amavomereza: mole ya madzi amadzi pa 25 °C ili ndi entropy pafupifupi 70 J/K, nthunzi yake pafupifupi 189. Ndiye mukaona riyakishoni ikupanga gasi wambiri kuposa yemwe inayamba naye, dziwani kuti ΔS ikhala plus musanagwire n'komwe kakyuleta.

Lamulo lachiwiri likuti pa chilichonse chochitika chokha, entropy ya system kuphatikiza ya surroundings imakwera. Mawu oti kuphatikiza asakudutseni. Entropy ya system payokha ikhoza kutsika bwinobwino. Madzi akamaundana mu firiji entropy yawo ikutsika, koma gwirani kumbuyo kwa firijiyo mumve kufunda kwake, kutentha kumeneko kukukweza entropy ya m'chipinda kuposa yomwe yatsika mkati. Lamulo lachitatu ndi lalifupi: crystal yosalakwika paliponse, pa 0 K, yomwe ndi −273.15 °C, entropy yake ndi ziro. N'chifukwa chake mu tebulo mumapeza S yeniyeni ya chinthu chilichonse, ngakhale ma element, pomwe enthalpy timangodziwa kusintha kwake. Musadzaike ziro pa entropy ya oxygen poganiza kuti ndi element, ndaithetha kambirimbiri imeneyo.

Kuwerengera entropy ya chilengedwe chonse pa funso lililonse kukanakhala chintchito. Josiah Willard Gibbs wa ku Yale, mu zolemba zake za pakati pa 1875 ndi 1878, anatipatsa njira yachidule yoti tiziyang'ana system yokha, bola tempirecha ndi presha zisasinthe. Masiku ano timalemba ΔG = ΔH − TΔS, G ndiye Gibbs uja, T ndi tempirecha mu kelvin. ΔG ikakhala minus zinthu zikhoza kuyenda zokha, ikakhala plus siziyenda pokhapokha muzikankhe ndi mphamvu yochokera kwina, ikakhala ziro ndiye equilibrium, pomwe kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo zikufanana. Muione ngati kukokana chingwe. ΔH ikukokera ku kutulutsa kutentha, TΔS ikukokera ku kumwazika, ndipo T ndi amene amaonjezera anthu ku mbali yachiwiriyo. Beaker yanu: ΔH ndi +25.7 kJ, imeneyo ikukana. ΔS ndi pafupifupi +108.7 J/K, kuchulukitsa ndi 298 K zikupereka pafupifupi 32.4 kJ. 25.7 kuchotsapo 32.4, yatsala pafupifupi −6.7 kJ. Minus. Entropy yapambana, ammonium nitrate asungunuka yekha, ndipo mphamvu yomwe akufuna aitapa m'madzi ndi m'dzanja lanu. Yankho la funso lanu ndi limeneli.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda kuposa zonse ndi ayezi, poti yankho lake aliyense amalidziwa kale. Kusungunuka kwa ayezi kumameza 6.01 kJ pa mole, ΔS ndi 22.0 J/K. Pa −10 °C, yomwe ndi 263 K, TΔS ndi 5,786 J, yachepa poyerekeza ndi 6,010, ΔG ndi plus, ayezi sasungunuka. Pa +10 °C, 283 K, TΔS ndi 6,226 J, ΔG ndi minus, asungunuka. Pomwe ziwirizi zikufanana, gawani 6,010 ndi 22.0, mupeza 273 K, ndiye 0 °C imene ija. Chaka changa choyamba kuphunzitsa ndinachita sum yomweyi pa bolodi monyadira, n'kuiwala kusintha kJ kukhala J, ndinagawa 6.01 ndi 22.0 n'kulemba 0.27 K, ndikupitiriza kulankhula osaona kanthu. Mnyamata wina kumbuyo anakweza mkono mwaulemu n'kufunsa kuti aphunzitsi, ndiye kuti ayezi yense pa dziko pano anasungunuka kalekale? Kalasi yonse inafa nako kuseka, ine thukuta kamukamu ndi choko m'manja. Chiyambire tsiku limenelo ndimalemba ma unit pa mzere uliwonse. ΔH imabwera mu kJ, ΔS mu J, T ikhale mu kelvin osati °C, misampha iwiri imeneyi imagwira anthu ambiri kuposa entropy yeniyeniyo.

Mawu oti spontaneous, omwe mabuku amatchulira chinthu chochitika chokha, nawo amanamiza. Satanthauza kuti zichitika msanga, amangotanthauza kuti njira ndi yololedwa. Dayamondi kusanduka graphite ili ndi ΔG pafupifupi −2.9 kJ pa mole, ndi yololedwa, koma palibe yemwe mphete yake inasanduka mtima wa pensulo ali kuyang'ana. Hydrogen ndi oxygen kupanga madzi ΔG ndi −237 kJ pa mole, yaikulu zedi, koma mukhoza kuzisakaniza zikhala phee mpaka patapezeka kambaliwali kamodzi, pamenepo ndiye phuu. Chitsulo kuchita dzimbiri ndi spontaneous, chimatenga miyezi. Liwiro ndi nkhani ya mutu wina, kinetics, komwe mukakumane ndi activation energy, kachitunda koyenera kukwera kaye musanatsetsereke. Catalyst, chinthu chofulumizitsa riyakishoni, amatsitsa kachitundako, koma ΔH, ΔG ndi malo a equilibrium sazikhudza olo pang'ono.

Za equilibrium ndingokhudzako poti mwina simunafikepo. ΔG° yokhala ndi kabwalo ndi ya mkhalidwe wa standard ndipo imalumikizana ndi equilibrium constant, K (osati K wa kelvin uja), nambala yosonyeza kuchuluka kwa zopangidwa poyerekeza ndi zoyamba nazo, kudzera mu ΔG° = −RT ln K, R kukhala 8.314 J pa mole pa kelvin. Pa 298 K, kusintha kwa 5.7 kJ kulikonse kumachulukitsa kapena kugawa K ndi 10. ΔG yopanda kabwalo imasintha riyakishoni ikamayenda mpaka kufika ziro. Ndipo ΔG° ya plus sikuti palibe chichitike, kungoti zopangidwa zikhala zochepa. Kumafakitale opanga ammonia mwa njira ya Haber amalimbana ndi zonsezi tsiku ndi tsiku. Nitrogen ndi hydrogen kupanga ma mole awiri a ammonia kumatulutsa 92 kJ, koma ma mole anayi a gasi akusanduka awiri, entropy ikutsika. Thermodynamics ikuti ziziritsani kuti mupeze wambiri, kinetics ikuti kukazizira mudikira mpaka kalekale. Ndiye amatenthetsa kupitirira 400 °C, kuikamo catalyst wa chitsulo, n'kupanikiza ndi presha yoposa ya mpweya wamba maulendo oposa 100 kuti abweze zomwe kutenthako kwawalanda.

Ndisanaiwale, izi si za pa pepala pokha, zimavulaza. Kusakaniza sulfuric acid wamphamvu ndi madzi kumatulutsa kutentha koopsa, n'chifukwa chake asidi ndi amene amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono uku mukutakasa, osati madzi mu asidi, apo ayi timadzi tochepato timawira pompo n'kukuthovukirani kumaso. Laimu wosazimitsa, calcium oxide, akakumana ndi madzi amatentha mpaka kuwiritsa madziwo. Chiwiya chotsekeratu musachitenthetse, ndipo riyakishoni yotulutsa gasi musaitsekere m'botolo, ntchito yokankha ija ikasowa kokankha imakankha galasi. Ammonium nitrate yemweyo wokuziziritsani dzanja, akatenthedwa kwambiri ali wochuluka pamalo opanikizika amaphwasuka motulutsa kutentha ndi gasi wambiri nthawi imodzi, ndi amene anaphulika pa doko la Beirut pa 4 August 2020, matani pafupifupi 2,750. Chinthu chimodzi, riyakishoni ziwiri zosiyana, ndiye musamati chakutichakuti ndi endothermic, nenani kuti kusintha kwakutikwakuti ndiye endothermic. Zoyeserera kunyumba ayi, ndipo mankhwala akakugwerani pa khungu kapena m'maso tsukani ndi madzi ambiri oyenda kwa mphindi zosachepera 15, wina akauze woyang'anira labu nthawi yomweyo, kenako kuchipatala, makamaka ngati ndi m'maso.

Tsono chochita. Tengani pepala la mayeso lija, pa funso lililonse lomwe munalakwa jambulani kabokosi, mulembe kuti system ndi chiyani, muike kamuvi kosonyeza komwe kutentha kukulowera, kenako sign. Mukaona kuti theka la zolakwa zakonzeka ndi kabokosi kokha, ndiye kuti vuto linali laling'ono. Zikakanikabe, pitani kwa lekichara wanu kapena wothandizira mu labu pepalalo lili m'manja, sabata ino osati usiku woti mawa mayeso, ndipo osakangoti sindikumva, mukaloze mzere weniweni womwe mwasochera. Mukaona kuti chikukugwetsani ndi kusuntha zilembo mu fomula, ma log kapena kusintha ma unit, limenelo ndi vuto la masamu, pezani wokuthandizani masamuwo padera masabata awiri atatu, chifukwa kutsogoloku kukubwera calculus ndipo mpata ukasiyidwa umakula. Ndipo ngati maganizo osiya kosiwa akukusowetsani tulo kapena akufalikira ku maphunziro ena onse, kambiranani ndi mlangizi wa ophunzira musanasaine pepala lililonse.

Ndikusiyireni kantchito. Mwala wa laimu, calcium carbonate, ukawotchedwa umasanduka calcium oxide ndi carbon dioxide. ΔH ndi +178 kJ pa mole, ΔS ndi +161 J/K. Musanawerengere, fotokozani kaye ndi mawu anu chifukwa chomwe ΔS ili plus. Kenako pezani ΔG pa 298 K muone ngati mwalawo ungaphwasuke wokha uli pa shelefu, pomaliza pezani tempirecha yomwe ΔG ikusanduka ziro. Mukapeza nambala yapakati pa 800 ndi 850 °C mwakhoza. Mukapeza 1.1 K ndiye kuti mwachita zanga za pa bolodi zija, bwererani mukaone ma kJ, ndipo mundilembere zomwe mwapeza.